Pagona Tonde Padzinunkha

Loweruka lapitali mdzukulu wanga wamkazi adandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikusoka ukonde umene ngakhale ine ndikudziwa kuti sudzalowanso m'madzi. Ndimangousoka kuti zala zisaume. Mwanayo adagwada, kupereka moni, kenako adasolola foni n'kuyifikitsa pamphuno panga ngati fodya wa bande.

"Agogo, tandisankhirani apa. Chabwino n'chiti?"

Pagalasi panali tizithunzi titatu. Koyamba kanali ndi nsomba yopindika ngati mwezi wongooneka kumene. Kachiwiri kanali ndi phiri la Chisi, dzuwa likutuluka kuseri kwake, monga timalionera m'mawa uliwonse tikaima padoko la Kachulu. Kachitatu kanali ndi zilembo zachingerezi zopotanapotana, zoti ngakhale nditavala mandala anga sindidatolepo kanthu. Akuti iye ndi anzake anayi abwereka ndalama kubanki m'khonde, akufuna kuyamba geni ya matemba ndi mpunga wa m'mapaketi, ndipo mnyamata wina wa kompyuta ku Zomba wawajambulira zizindikiro zoti azimata pamwamba.

"Akazi anga," ndidatero, "nanga nsombazo zili kuti?"

"Sitinayambe kugula, agogo. Tikufuna dzina kaye."

"Ndiye mwayamba kusoka mbereko mimba isanaoneke?"

Adaseka mpaka kugwira pansi. Akuti tsabola wakale sawawa, masiku ano zinthu zimayamba ndi dzina. Ine ndidangoti chabwino, bwera mawa, mawu a akulu amakoma akagonera. Koma kunena zoona, amene adagonera mawuwo ndine. Usiku wonse ndidangotembenuka pamphasa, chifukwa mwanayo adanditosa pachilonda chakale chimene iye sachidziwa.

Ine ndidayamba kutchova njinga ya nsomba mu 1972, nyanja itangobwerera bwino kuchokera ku chilala cha 1968. Kuchoka pa Kachulu kukafika mumsika wa Zomba ndi pafupifupi makilomita 30, ndipo nthawi imeneyo dengu lodzadza linkalemera kuposa mwini wake. Tinkanyamuka nkhuku zisanalire kachiwiri, amuna khumi kapena kuposa, njinga zofanana, madengu ofanana, zipewa zofanana, fungo lofanana. Nyanjayi idali ndi nsomba osati masewera. Zaka zabwino inkatulutsa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno, ngakhale kuti ndi nyanja yosaya yoti malo ambiri bwato umaliyendetsa ndi nsungwi. Matemba, makumba ndi milamba zinkafika mumsika ngati mchenga. Ndiye pamene aliyense akugulitsa chinthu chimodzi, wogula akusiyanitsa bwanji ndi mnzako?

Funso limenelo sindidalifunse n'komwe. Lidayankhidwa ndi malemu mkazi wanga, mwangozi. Tsiku lina dengu langa lidasinthana ndi la munthu wina padoko, kudali kukangana kwadzaoneni, ndiye iye adang'amba chitenje chake chakale chofiira n'kumanga kansanza pamkombero wa dengu kuti lisasokonekerenso. Basi. Sadali kuganiza za malonda, ankangofuna mtendere.

Koma mayiyo adali ndi khalidwe lina limene anzake ankamuseka nalo. Anthu ambiri ankayanika matemba pansi, pamchenga kapena paudzu, n'kumakokolola ndi tsache dzuwa likapendeka. Iye ankakana. Adandiumiriza kuzika mafoloko kuseri kwa nyumba, kuyalapo bango, n'kumayanika pamwamba. Akaumitsa ankapeta ndi lichero ngati akupeta mpunga, kuchotsa tinkhono, tizinyalala ndi nsomba zophwanyika mimba. Ntchito yake inkatidyera tsiku lathunthu, ndipo zotaya zinkandiwawa mumtima. Komanso ndidali ndi mbale imodzi yachitsulo, yoyera, yosupuka m'mbali, imene ndinkayezera. Sindidaisinthe. Nsomba zikadula ndinkakweza mtengo poyera, koma mbale inkakhala yomweyo, ndi kabanyira ka zala zitatu pamwamba.

Sipadathe chaka, ndidayamba kumva amayi mumsika akufunsana kuti, "Akansanza afika?" Poyamba sindidadziwe kuti akunena ine. Nditazindikira ndidakwiya. Munthu wa banja lako, wa mfunda wako, anthu n'kumakutcha Akansanza ngati wamisala wa pamsika! Ndidafuna kuchotsa kansanzako, koma mkazi wanga adandifunsa funso limodzi lokha, kuti masiku amenewo ndinkabwera kunyumba nthawi yanji. Ndidawerenga. Ndinkabwera dzuwa lisanafike paliwombo, dengu lili gwa, pamene anzanga ankatsala mpaka madzulo akutsitsa mtengo. Ndidangoti kukamwa tseke.

Apa ndi pamene ndidaphunzira kuti munthu wa malonda amakhala ndi mayina awiri. Lina amadzipatsa yekha n'kulilemba ndi penti. Linalo amamupatsa ndi anthu iye kulibe, ndipo ndi limene limamudyetsa kapena kumugoneka ndi njala. Tayendani pa Jali, pa Govala kapena pa Songani muwerenge zikwangwani za magolosale. Mayina ake ngokoma, ena a m'Malemba, ena odandaula za adani, ena achingerezi chokhwima. Kenako imani pambali mumvere mayi akutuma mwana. Satchula za pachikwangwani zija. Amati, "Pita kwa abambo a sikelo yabwino aja," kapena, "Usapite kwa aja osabweza chenji." Akuluakulu adati pagona tonde padzinunkha, kutanthauza kuti pamene pali munthu pazidziwika. Koma sadanene kuti tonde amasankha yekha fungo lake. Limachokera m'thupi mwake momwemo.

Kansanza kofiira pakokha sikadagulitse nsomba ngakhale imodzi. Ntchito yake idali yokumbutsa. Mayi akadya matemba osalumitsa mchenga Lachiwiri, Lachisanu ankafuna pogwira kuti andipezenso pakati pa madengu makumi atatu, ndipo maso ake ankagwera pa chofiiracho. Chikhala kuti matemba anga adali a mchenga, kansanza komweko kakadamuthandiza kundizemba.

Ndipo zidachitikadi. Ndinene, poti manyazi a nkhalamba sachedwa kuuma. Mu 1995 nyanja idaphwanso. Amene simudaone simungamvetse: pamene tinkaponya makoka padasanduka bwalo long'ambikang'ambika, anthu ankapita ku Chisi wapansi ndi panjinga, mabwato ali chafufumimba pamatope ouma ngati ng'ombe zakufa. Ana asanu ali pasukulu, ine ndilibe nsomba. Ndidayamba kukapikula nsomba zouma kutali, kwa anthu amene sindinkadziwa kayanikidwe kawo, zina zogonera miyezi, zina zofumbwa. M'malo monena poyera kuti izi si zanga zija, ndidazithira m'dengu lomwe lija la kansanza, pamwamba n'kuwazapo zooneka bwino. Ndidachita zimenezi milungu yosaposa isanu ndi umodzi.

Tsiku lina kudabwera mayi amene adagula kwa ine kuyambira ali mtsikana. Sadakalipe. Adamasula kampango, n'kukhuthulira nsomba zija m'mbale yanga yoyezera, mchenga uli waa pansi pake, n'kunena kuti, "Bambo, ndimayesa ndinu." Adatembenuka n'kumapita, ndalama osaitanitsa. Mawu atatu amenewo andipweteka kuposa chitonzo chilichonse chimene ndidalandirapo. Nyanja idabwerera patatha zaka ziwiri, paja madzi saiwala khwawa. Makasitomala anga ena adabwerera ndi madziwo, ena ayi, ndipo mayi uja sindidamuonenso pa dengu langa. Zaka 23 ndikumanga, milungu isanu ndi umodzi ndikugumula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo woluma mkuyu wotero amaloweza mtengo wake.

Ndiye mwana akandionetsa kachithunzi kokongola nsomba asanagule, mtima wanga umathamangira kumeneko. Koma nditagona nazo ndidaona kuti nayenso ali ndi mfundo imene ine ndidalibe nayo ntchito m'masiku anga. Ine wogula ankandiona nkhope. Ankatha kutola kansomba kamodzi, kuluma, kumva ngati muli mchenga, kenako n'kutulutsa ndalama. Pamene munthu wina adayamba kumanga nsanza yofiira padengu lake kuti adyere dzina langa, sizidapite patali, chifukwa amayi ankayang'ana nsanza kenako n'kuyang'ana mwini wake. Mdzukulu wangayu akufuna katundu wake akakhale pashelefu ku Zomba, ku Limbe, mwina ku Lilongwe, kumene wogula sadzamuona, sadzaluma kanthu, sadzamva mawu ake. Kumeneko paketi ndiyo nkhope, ndiyo moni, ndiyo mbale yoyezera. Nkhalamba ikakana zimenezi ndiye kuti ikungokakamira.

Ndipo si zachilendo kuno. Kuyambira mu 2010 kudabwera ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, ya ndalama zochokera ku Norway, imene ankayendetsa a LEAD a ku Chancellor College motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, pamodzi ndi a WorldFish ndi a kafukufuku wa zankhalango. Pa Kachulu pompano adamanga zoumitsira nsomba za dzuwa: kanyumba kokutidwa ndi pulasitiki, m'kati muli mathandala, mphepo ikulowa ndi kutuluka koma ntchentche, fumbi ndi nkhuku zikutsala panja. Magulu a amayi adaphunzira kutsuka nsomba, kuziumitsa m'menemo, kuziyeza ndi kuzitsekera m'mapaketi, ndipo matemba a kuno adakalowa m'masitolo a m'tauni pamtengo woposa wa pamulu. Tsiku loyamba kulowa m'kanyumbako ndidatuluka thukuta ngati ndili m'uvuni, koma ndidaima kanthawi ndikuyang'ana mathandalawo, chifukwa ndidaona bango la mkazi wanga lija litavala suti. Chimene ndidagwirapo n'chakuti choumitsira chidayamba, paketi idabwera pambuyo. Amayiwo adayamba asintha nsomba, kenako n'kuyipatsa chovala.

Pali china chimene magulu otere amakumana nacho, ndipo mdzukulu wanga ndi anzake anayi sachithawa. Dzina likakhala limodzi koma manja khumi, aliyense wanyamula mbiri ya mnzake. Mmodzi akachita ulesi tsiku limodzi, wosatsuka bwino, kapena wotsekera nsomba zisanaumitsitse n'kukachita nkhungu m'sitolo, wogula sadzafunsa kuti paketi iyi adalongedza ndani. Nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma denga lomwelo limagwa ngati mmodzi mwa osenzawo wabwerera m'mbuyo kukakanda mwendo. Atabweranso m'mawa mwake ndidamuuza kuti asanakangane za mtundu wa sitika, akangane za amene adzakhale ndi mphamvu yobweza beseni la mnzake, ngakhale mnzakeyo akhale mlamu wake. Chibale chimaphetsa geni kuposa ngongole.

Za dzina lenilenilo, ine ndili ndi maganizo anga, ndipo kachithunzi kachitatu kaja ndidakakana m'mawa mwake tisanamwe ndi phala lomwe. Dzina limene mwini nyanja sangalitchule n'la ntchito yanji? Mzungu David Livingstone atafika kuno mu 1859 adamva anthu akutchula nyanjayi, iye n'kulemba kuti Shirwa, ndipo mapu akunja adanyamula zimenezo zaka zambirimbiri. Ife eni ake tidangopitiriza kunena Chilwa, mpaka mapu adagonja. Pakamwa pa anthu sipalamulidwa. Ukawapatsa dzina lolimba adzalifewetsa okha, kapena adzalitaya n'kukupatsa lawo, ngati Akansanza.

Taonani botolo la tsabola wa Nali. Bambo Khoromana adayamba ntchito imeneyo ku Thyolo m'zaka za m'ma 1970, dzina n'kulidula kuchokera ku dzina lawo lomwe, zilembo zinayi zokha. Pabotolo adalembapo chenjezo m'chinenero chathu, lakuti abale samalani, ndipo amene adathirapo mosasamala amadziwa kuti sankanama. Lero Amalawi a ku Johannesburg ndi ku London amatumiza uthenga kwa obwera kuti musaiwale Nali. Akadalemba chenjezo lija tsabola wake n'kukhala wozizira, bwenzi anthu akuseka. Mawu a pabotolo ndi moto wa m'botolo zidagwirizana, ndipo zakhala zikugwirizana zaka zonsezi. Mayina ena adakula mpaka kumeza katundu yense. Mwana ukamutuma mankhwala otsukira mano amakanena Colgate ngakhale akufuna mtundu wina, sopo waufa aliyense ndi safu, chakumwa chosungunula chilichonse ndi Sobo. Zotere sizigulidwa ndi penti ya tsiku limodzi.

Mtundu nawo uli ndi ntchito, makamaka kuno kumene ambiri a msinkhu wanga sitidapite patali ndi sukulu. Gogo wosadziwa kuwerenga akafuna kutapa ndalama zimene mwana wake watumiza, amadziwa kuti kakhumbi kofiira ndi ka Airtel, kobiriwira ndi ka TNM. Akumwa mowa wa Carlsberg, umene fakitale yake idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, adasiya kale kutchula dzina, amangoitanitsa mtundu wa pepala la pabotolo. Choncho ndidauza mwanayo kuti asankhe mtundu umodzi ndi chithunzi chimodzi, azikhala nazo ngati mphini za pankhope. Zikhale papaketi, pachitseko, pa WhatsApp, pachitenje chimene avale popita kukapereka katundu. Achinyamata vuto lanu n'kutopa msanga. Mwezi uno nsomba yopindika, mwezi wamawa mwaona china chokongola pa Facebook mwasintha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pamene iwe wayamba kunyansidwa nacho chizindikiro chako chifukwa chochiona tsiku ndi tsiku, wogula ndiye wangoyamba kumene kuchizolowera. Nambala ya foni nayonso chimodzimodzi. Munthu wosintha nambala ngati malaya amaoneka wothawa ngongole.

Tidakangana kwambiri pa mawu akuti Chilwa. Iye ankazengereza kuwalemba. Akuti anthu a m'tauni akamva Chilwa amaganiza za matope, za kolera imene imabuka kawirikawiri pakati pa asodzi okhala m'zimbowera pakati pa njedza, za nyanja youma imene adaiona pa TV mu 2018. Mnzake wina adamulangiza kuti pampunga angolemba Kilombero, poti ndi dzina limene limayenda malonda.

Apa ndidakhala tsonga. Mpunga wa Kilombero umene uli ndi mbiri ndi wa ku Karonga, ndipo alimi a ku Kaporo adaugwirira ntchito mpaka udakafika m'masukulu ndi m'matchalitchi a ku Scotland. Chifukwa cha mbiri imeneyo, lero mumsika uliwonse thumba lililonse ndi Kilombero, ngakhale mpunga wosanunkhira n'komwe, wosakaniza mitundu itatu. Dzina la eni likudyedwa ndi anthu amene sadalivutikire, monga munthu uja adamanga nsanza yofiira padengu lake. Ife kuno tili ndi Faya wathu, wonunkhira, amene mayi akaphika anthu odutsa panjira amacheuka. Tili ndi sikimu ya Likangala ndi ya Domasi, zimene zidakhazikitsidwa kalekale ndi thandizo la akatswiri a ku Taiwan, ndiponso madambo a m'mbali mwa nyanja amene amabereka mpunga chaka ndi chaka. Koma mpunga wathu umachoka kuno wopanda dzina. Kale tinkaupereka ku ADMARC, n'kulowa m'matumba a boma, mlimi osadziwika. Lero mavenda amaugula pandowa, kukaupuntha, ukafika ku Limbe wabatizidwa kale dzina la kumpoto. Tidazolowera kubereka ana n'kumakawalembetsa mfunda wa eni.

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ngati Chilwa ali ndi mbiri ya uve, mankhwala ake ndi paketi yaukhondo yolembedwa Chilwa, imene mayi wa ku Chinamwali akaitsegula adzati, kani kumenekuja kumachokeranso zotere? Nyanja yomweyi mayiko adailemba pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, wa Ramsar, chifukwa cha mbalame zake, ndipo a UNESCO adaipatsanso ulemu wina mu 2006. Alendo akuinyadira, eni ake tikuibisa kumbuyo ngati mwana wa mphuno yaikulu. Boma lidayesapo kutidzutsa, ndi ntchito ya mudzi umodzi katundu mmodzi imene idabwera mu 2003 kutengera nzeru za ku Japan, ndiponso mfuu ya Buy Malawi ya mu 2016. Koma mfuu ya pawailesi singakakamize munthu kugula kachiwiri chinthu chimene chidamulumitsa mwala koyamba.

Chimodzi chokha ndidamuchenjeza, kuti dzinalo lisakhale la matemba okha. Nyanja iyi ilibe mtsinje wotulukira. Imamwa kwa Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina, ndipo mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, dzuwa limaimwa yonse. Ine ndaiona itauma mu 1968, mu 1995, ndi mu 2018, ndipo ndaionanso itasefukira n'kumiza minda ndi nyumba pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023. Mwanayu akakhala ndi moyo wautali adzaiona itauma kawiri kapena katatu. Tsiku limenelo adzaima pamphambano pamene ndidaima ine mu 1995, ali ndi mapaketi osindikizidwa kale koma wopanda nsomba. Dzina likakhala lotha kunyamula mpunga, nandolo kapena china chimene dera lino limabereka, adzakhala ndi chogulitsa mosanama. Ndipo ngati palibiretu, alembe pa WhatsApp pakepo kuti nyanja yauma, matemba kulibe, tidzakuuzani ikabwerera. Wogula amakhululukira shelefu yopanda kanthu. Chimene sakhululuka ndidachiona m'mbale yanga yomwe.

Za maofesi sindidachedwepo, poti iye amazidziwa kuposa ine. Masitolo akuluakulu salandira chakudya chopanda chidindo cha a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lilipo kuyambira 1972, ndipo iwo amafuna kuona malo ogwirira ntchito, madzi, sikelo ndi zolembedwa papaketi: kulemera kwake, tsiku lolongedza, tsiku lothera ntchito, ndi kumene mwini wake angapezeke. Majumbo opyapyala aja boma lidaletsa, ndiye asawononge ndalama kusindikiza dzina pa chinthu choletsedwa. Dzina la bizinesi limalembetsedwa kuboma, ndipo pali lamulo la 2018 loteteza zizindikiro za malonda kuti wina asakubere. M'masiku anga wondibera nsanza ndikadakamusumira kwa yani? Kwa mfumu, n'kukanena kuti wavala chofiira? Ndidangomuuza kuti safunsa adadya phula, apite akafunse mitengo yake yekha, asatume munthu wa pakati. Koma asathamangire kulipira asanaone ngati dzinalo lamera pakamwa pa anthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ayambe ndi mapaketi makumi awiri, sitika zodula ndi lumo, golosale ziwiri za pa Matawale ndi aphunzitsi a pasukulu yapafupi, amve zimene akunena.

Adandifunsa kuti angadziwe bwanji kuti dzina lamera. Ndidaitana kamdzukulutuvi kanga ka zaka zisanu kamene kankasewera ndi chigubu pabwalo. Ndidati akaonetse tizithunzi tiwiri totsala tija, akauze mayina ake kamodzi kokha, kenako tikatume kwa azakhali ake kutsidya kwa msewu kukanena chimene kaona. Malonda ambiri a m'nyumba amagulidwa ndi ana otumidwa ndi anyamata a kabaza, ndipo dzina limene lagwa m'njira mwana asanafike pagolosale lafa kale. Kamwanako kadathamanga, ife tikutsatira pambuyo pang'onopang'ono. Titafika tidapeza kakufotokoza ndi manja omwe. Mayina onse awiri amene mnyamata wa kompyuta uja adakonza kadawataya pamsewu. Kankangoti, "Nsomba yokhota! Nsomba yokhota ya anti!"

Mdzukulu wanga adakhala chete, kenako adatulutsa cholembera n'kulemba padzanja.

Dzulo wabweranso, ulendo uno wanyamula beseni laling'ono lovindikira ndi nsalu yoyera. Agula matemba oyamba Lachitatu, atsuka, ayanika pathandala limene amalume ake awazikira. Ine ndidalowa m'nyumba n'kutulutsa mbale yachitsulo ija, imene tsopano yasupuka mpaka kuda, ndipo ndidamupatsa. Adaitembenuza uku ndi uku, n'kunena mwaulemu kuti iwo aziyeza pasikelo ya magalamu. Ndidati ndikudziwa, ingoikani pamwamba pa kabati pamene muziiona.

Kenako adavundukula beseni. Nsomba zake zidali zowala ngati ndalama zasiliva, zosaphwanyika, fungo lake la nyanja osati la chivundi. Ndatsala ndi mano anayi okha akumanzere, koma amagwira ntchito. Ndidatola koyamba pamwamba, kutafuna, bwinobwino. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndidapisa dzanja mpaka pansi pa beseni, poti ine ndiye ndikudziwa kumene zoipa zimabisala, n'kutola kachitatu. Nditangoluma, dzino lidati khwee.

Sindidanene kanthu. Ndidalavulira kamchengako pachikhatho n'kumutambasulira dzanja. Adakayang'ana, adandiyang'ana, kenako adavindikira beseni lake, kulisenza, n'kufunsa ngati lichero la agogo ake aakazi lija likadalipo. Ndidamulozera kutsindwi kwa khitchini.